Khirisimasi ya kugombe: msasa tiumange pati chaka chino?

Gulu: Mbumba ya Agogo Anambewe

Lolemba, 3 Novembala

Yamikani: Mwaswera bwanji malume, amayi, amayi aang'ono ndi abale anga nonse. Kwatsala masabata 7 kuti Khirisimasi ikwane, ndiye ndati nkhani ya kugombe tiyiyambe msanga, tisadzathamange ngati chaka chatha. Msasa tikumanganso pansi pa mkuyu paja? Chisomo, iwe uli konko, tatiuza mmene palili.

Chisomo: Taswera achimwene. Ndinapitako dzulo madzulo. Pansi pa mkuyu sipali ngati mmene mukupadziwira. Madzi aphwerako ndithu, koma pamene tinkayala mphasa paja pamera bango lalitali kundiposa ine. Nsichi za chisakasa chakale zinaola zonse, ndagwedeza imodzi yangothyoka. Chimbudzi chinagumukira mkati, pangotsala dzenje lodzaza mchenga. Mango awiri a m'munsi aja anauma, poti anakhala m'madzi miyezi yambiri.

Chikondi ku Joni: Mango a agogo aamuna aja?

Chisomo: Omwewo achemwali. A kumtunda okha ndiwo ali moyo, ndipo chaka chino abereka kwambiri.

Chikondi ku Joni: Zandikhudza. Ine tikiti ya basi ndagula kale, ndipo ana ndakhala ndikuwauza za mkuyu umenewo chaka chonse. Wamng'onoyu nyanja sanaionepo ndi maso. Tsono si paja mwezi wa Disembala ndi pamene nyanja imakhala itaphwa kwambiri? Bangolo tingolemba anyamata aganyu alidule, tibwerere pamalo pathu.

Malume Aphiri: Ndakuonani nonse ana anga. Chikondi wanena zoona mbali imodzi. Nyanja yathu ya Malawiyi imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itatha, kenako imanka iphwa mpaka Novembala ndi Disembala. Koma kumbukirani kuti khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire, ndiye ikadzaza ngati mmene inachitira mu 2024 sibwerera chaka chimodzi. Ine ndinaonapo zoterezi mu 1980. Nthawi imeneyo bambo anali atangotha zaka zochepa chilambulireni malo amenewa, ndipo madzi anafika mpaka pamene pali chulu paja. Bambo sanalimbane nayo nyanja. Anazula chisakasa n'kukachiimika kumtunda, ndipo mango a kumtunda amene Chisomo akunenawa anawabzala nthawi yomweyo, kuti tidzakhale ndi mthunzi wina madzi akadzabweranso. Inu munabadwa madzi atabwerera kale, n'chifukwa chake mukuona ngati kwathu ndi pamkuyu pokha.

Anaphiri Aakulu: Achimwene, ndikukumbukira. Ndinali wamng'ono koma tinkasenza udzu pamutu kukwera nawo.

Bambo a Amina: Zikomo akuluakulu, ndiloleni ndiikepo mawu monga munthu amene ndimakhala pamadzi tsiku ndi tsiku. Alamu a ku Joni, vuto si madzi okha. Bango likamera chonchi limaitana alendo. Sabata yatha tikuchokera kovuula matchera m'mamawa tinaona mapazi a mvuu kuchokera m'bangomo kulowera kumadimba, ndipo ng'ona yatenga mbuzi ya anthu a mudzi woyandikana nafe mwezi wathawu, chakufupi ndi pamene nyanja yaing'ono ya Chia imakumana ndi nyanja yaikulu. Kudula bango sabata imodzi sikuthamangitsa ng'ona imene yazolowera malo. Chinanso, nyengo ya mvula mphepo ya mpoto imabwera mwadzidzidzi usiku, mafunde amakwera kudutsa pamene madzi amalekezera masana. Ine mwana wanga sindingamugoneke pamenepo.

Tamanda: Alamu anena zomwe ndimafuna kunena. Ndionjezere za likodzo. Nkhono zomwe zimasunga tizilombo ta likodzo zimakonda madzi odekha a m'bango ndi m'maudzu. Ana akasamba pamchenga woyera pomwe mafunde amamenya chiopsezo chimachepa, koma pa mkuyu mmene pakhaliramu ayi. Kuno kuchipatala ana okodza magazi timawaona kawirikawiri, ambiri ochokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Chikondi ku Joni: Ndamva. Koma mtima ukukana. Tikasamuka pamkuyu ndiye ikhala Khirisimasi ya kugombe kapena ya kumunda?

Chisomo: Kuchoka pa mango kufika pamadzi ndi mphindi 5 zokha achemwali, ndipo nyanja imaoneka yonse. Kumpoto kwake kuli mchenga woyera kopanda bango, komwe asodzi amakocheza mabwato.

Lachiwiri, 4 Novembala

Grace: Mwadzuka bwanji apongozi ndi alamu nonse. Ine kulikonse komwe mungagwirizane ndilibe nako vuto. Pempho langa ndi la zimbudzi ndi mabafa basi. Chaka chatha tinalipo anthu 43, chimbudzi chimodzi, m'mawa unali mzere. Mwina chaka chino zikhale ziwiri, komanso malo otchajira mafoni, ndi madzi akumwa akhale okwanira chifukwa ana anadwala m'mimba titabwerera.

Yamikani: Ndikugwirizana nazo. Komanso zisakasa zikhale ziwiri, china cha amayi ndi ana, china cha abambo. Amayi aang'ono, kodi zimenezi zingatheke pofika pa 20 Disembala?

Anaphiri Aang'ono: Ndakhala chete kuyambira dzulo, ndimawerenga. Yamikani mwana wanga, Grace, musandimve molakwa, zomwe mwapemphazo ndi zoyenera. Koma ndiloleni ndinene zomwe ndakhala ndikuzisunga zaka zitatu.

Chaka chilichonse pagulu pano pamalembedwa kuti pakhale chakuti, pamangidwe chakuti. Amene amagwira khasu ndi chikwanje ndi Chisomo, ine, ndi Bambo a Amina akabwera kunyanja ali otopa kale. Novembala ndi Disembala kwa ife si nthawi yopuma. Ndi nthawi yokonza nazale ya mpunga, yobzala chimanga mvula ikagwa, yopalira. Chaka chatha ndinachedwa kuwokera mpunga masabata awiri chifukwa ndinali kugombe kumanga mpanda wa bafa, ndipo zinaoneka pokolola. Amayi nawo pano sangathe kudzisambitsa okha, usiku ndimadzuka kawiri katatu. Chinangwa cha kondowole wa anthu 40 sichiviikidwa tsiku limodzi. Kukumba, kusenda, kuviika masiku anayi, kufinya, kuyanika, ndipo mitambo ikabwera umathamanga kukanua, chikapanda kuuma bwino ufa umada n'kununkha chuku. Ndalama mumatumiza, sindikukana, koma zambiri zimafika pa 22 kapena 23, zinthu zitakwera kale mtengo, ine nditakongola kale. Pa 27 magalimoto amanyamuka, ife timatsala ndi mapoto akuda, mabotolo ndi mapepala ali mbwee mpaka kumadzi. Chaka chatha mbuzi yanga inafa itadya jumbo.

Sindikunena kuti musabwere. Amayi amawerenga masiku kuyambira mwezi wa Okutobala, amandifunsa m'mawa uliwonse kuti kwatsala angati. Ine ndemwe ndimasangalala kukuonani. Koma chaka chino msasa ukusamuka, kutanthauza kuyamba pachiyambi, kulambula tchire, kukumba, kuimika. Ndekha ndi mwana mmodzi sindingathe.

Anaphiri Aakulu: Mng'ono wanga, wandiliza. Bwanji sunandiuze ine mwakachetechete zaka zonsezi?

Anaphiri Aang'ono: Achemwali, ndinkaopa kuti muziti ndikuwerengera.

Grace: Apongozi, pepani kwambiri. Ndinalemba osaganiza kuti chilichonse chomwe ndatchula chili ndi munthu wochigwira. Za mbuzi ija sindinadziwe n'komwe.

Yamikani: Amayi aang'ono, ine ndi amene ndimayambitsa nkhaniyi chaka ndi chaka, ndiye mlandu waukulu ndi wanga. Pepani.

Malume Aphiri: Mlongo wanga wayankhula bwino, ndipo wachita bwino kunenera pano pomwe aliyense akumva. Inenso ndili pa boma la Nkhotakota pompa, ulendo wosakwana ola limodzi, koma ndimangobwera kudzaona ntchito itatha. Tsono kupepesa kwamveka, tiyeni tikonze. Ndikuganiza zinthu ziwiri. Choyamba, ndalama zonse zikhale zitafika pa 15 Novembala, osati Disembala. Chachiwiri, Loweruka pa 22 Novembala nyumba iliyonse itumize munthu wogwira ntchito, wa manja ake. Amene ali kutali kwenikweni ngati Chikondi alipire waganyu woimira iye, ndipo waganyuyo akapalire kumunda kwa mlongo wanga, osati kugombe kokha.

Chikondi ku Joni: Malume, ndavomera. Ndilipira anthu awiri masiku atatu, ndipo amayi aang'ono ndi amene anene kuti akagwire pati. Nditumiza Lachisanu ndikalandira.

Tamanda: Ine pa 22 ndili pa ntchito usiku, koma ndisinthana ndi mnzanga. Ndibwera pa minibasi yoyamba kuchoka pa Kamuzu Road.

Yamikani: Ndibwera ndi Grace ndi anyamata anga awiri, Lachisanu madzulo. Msonkho tiike K60,000 nyumba iliyonse ya m'tauni. Amayi aang'ono ndi Bambo a Amina asapereke ndalama, zawo zapita kale m'ntchito. Ndalama zizipita pa Airtel Money kapena Mpamba ya Tamanda, iye azilemba pano aliyense akatumiza.

Bambo a Amina: Alamu, ine musandichotse. Ndalama mwina ayi, koma ndiwo za pa 24 ndi zanga.

Lachinayi, 6 Novembala

Chisomo: Ndayendera pa mango paja ndi chingwe. Malo osalala ndi mapazi 30 m'litali, 18 m'lifupi. Zisakasa ziwiri zikwana, khitchini kumbali ya kumadzulo kuti utsi usamalowe kogona. Vuto ndi udzu. Anthu anamweta mu Juni ndi Julayi, wotsala unapsa ndi moto wolusa, ndipo amene ali nawo akufoleretsa nyumba zawo mvula isanayambe. Mitolo yomwe ndapeza ndi 14 basi.

Yamikani: Ndili ndi malona awiri akuluakulu omwe timafunditsira chimanga. Sangathandize?

Chisomo: Athandiza, koma lona payekha masana amatentha ngati uvuni, kuno si ku Lilongwe. Tiike lona pansi, pamwamba tiyale udzu uja mopyapyala ndi masamba a mlaza, timange ndi linya. Makoma tigwiritsa bango lomwe lija la pamkuyu, ndi laulere.

Bambo a Amina: Bangolo podula tipite anthu ambiri, dzuwa litakwera, ndipo tidule la kumtunda lokha. Wina asalowe m'madzi ofika m'maondo. Ine ndidzaima ndi bwato kutsogolo kwanu.

Malume Aphiri: Nsichi ndi mapaso musadule m'nkhalango ya mudzi. Ndili ndi bulugamu kuseri kwa nyumba yanga, ndidula mitengo 25, ndipeza ngolo kapena kalole koti katule. Kumunsi kwa nsichi mudzawaule pamoto pang'ono, kenako mupake oyilo wakuda wotsala m'galimoto. Pa mango paja pali chiswe chambiri, chulu chili pafupi. Yamikani, oyiloyo ubweretse ndiwe.

Yamikani: Ndamva malume, malita 5 ndipeza.

Anaphiri Aakulu: Musaiwale ngalande kuzungulira chisakasa chilichonse. 2022 ija tinadzuka usiku mphasa zikuyandama. Komanso phulusa lisungidwe, linthumbwi likabwera usiku mvula itagwa palibe amene adzagone.

Tamanda: Tsopano za chimbudzi, ndipirireni ndilemba zambiri chifukwa apa ndi pomwe pamandidetsa nkhawa. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inali yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, Nkhotakota ndi Salima, sanasiyidwe. Ine ndinagwira ntchito m'matenti a odwala nthawi imeneyo, sindifuna kudzaonanso zimene ndinaona, makamaka pa abale anga. Anthu 40 malo amodzi, nyengo ya mvula ndi ya mango, ntchentche zili ponseponse, ndi mmene matenda otsekula m'mimba amayambira.

Zimbudzi zikhale ziwiri, zitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo zikhale kumunsi kwa chitsime, osati kumtunda kwake. Dothi la kwathu ndi lamchenga, n'chifukwa chake chakale chija chinagumuka. Dzenje likhale lozungulira, osati la makona anayi, ndipo mkati tilowetse migolo iwiri yoboola pansi, kapena tiluke nsungwi ngati kankhokwe n'kulowetsamo. Pabowo pakhale chivindikiro. Panja pakhale mpondagiya ndi sopo, sopo akatha phulusa. Madzi akumwa ndi otsukira mbale onse athiridwe klorini kapena WaterGuard, tidikire mphindi 30 tisanamwe, ndipo akhale mu ndowa zampopi kuti makapu asamaviikidwemo. Kusamba m'manja kwa m'beseni imodzi tonse kuja kutheretu, tizithirirana. Ndibweretsa mapaketi a Thanzi ORS okwanira.

Grace: Ndowa zampopi zitatu ndigula ine, ndi sopo.

Anaphiri Aang'ono: Mjigo wa pasukulu ukugwira ntchito, anaukonza mwezi watha. Ndi kotalikirako koma madzi ake ndi abwino kuposa a pachitsime. Anyamata a m'tauni adzatunge ndi njinga ya Chisomo, zigubu zinayi ulendo umodzi.

Tamanda: Bwino kwambiri, koma a pamjigowo tithirebe mankhwala, amadetsedwa m'zigubu. China ndi maneti. Aliyense abwere ndi neti yake, musadalire za amayi aang'ono. Achemwali a ku Joni, ana anu akulira komwe kulibe malungo, thupi lawo silinazolowere, ndiye kwa iwo malungo ndi oopsa kuposa kwa ana a kumudzi. Pitani nawo kuchipatala musananyamuke mukafunse za mankhwala oteteza. Mukabwerera mwana akatentha thupi, ngakhale patapita milungu iwiri, muwauze adokotala kuti munali ku Malawi kunyanja.

Chikondi ku Joni: Zikomo mng'ono wanga, sindinaganizeko. Ndipita nawo sabata yamawa.

Chisomo: Ndiye mapaso apamwamba ndiwaike motsika pang'ono kuti maneti azimangika mosavuta.

Lamulungu, 9 Novembala

Anaphiri Aakulu: Tikambeko za chakudya. Mpunga ulipo?

Anaphiri Aang'ono: Kilombero ndinasunga matumba awiri osapuntha. Akwana, angofunika ndalama ya kuchigayo. Chinangwa ndiyamba kuviika sabata ino dzuwa likadalipo, ufa ndisunge m'ndowa zotseka. Chimera cha thobwa ndafesa kale. Chigwada ndi nkhwani sizosowa.

Yamikani: Chambo chisasowe chonde. Chaka chonse ndimadikira chambo chowotcha cha kugombe.

Bambo a Amina: Alamu, apa ndikukhumudwitsani pang'ono. Kuyambira pa 1 Novembala makoka ndi oletsedwa, ino ndi nyengo yoti chambo chiswane. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, ndiye ukachigwira pano wapha nsomba zambirimbiri nthawi imodzi. Ine ndili mu BVC, komiti yoyang'anira za usodzi pa gombe lathu, ndimalanda nawo maukonde a anthu ena. Sizingaoneke bwino kuti pamsasa wa apongozi anga pazinunkhira chambo cha mazira. Taonani anzathu a ku Mbenji ku Salima, kwa Makanjira. Chilumba chija amachitseka kuyambira Disembala mpaka Epulo chaka chilichonse, kuyambira kalekale, ndipo akatsegula nsomba zimapezeka zoti ife kuno timangozimva. Ine ndidzatchera mbedza zanga kwakuya, kampango ndi bombe sizidzasowa Mulungu akalola. Usipa wofutsa ndi utaka wowamba ndasunga kale.

Yamikani: Ndagonja alamu. Kampango wa kondowole ndi wabwinonso. Ndipo pa mlatho wa Chia sindiima kugula chambo.

Malume Aphiri: Mbuzi ziwiri ndagula kale kwa Mwansambo, zili kwa ine. Monga mwa nthawi zonse, Bambo a Amina apeze shehe kapena azinge okha, kuti tonse tidye mphika umodzi. Nkhuku chimodzimodzi. Nkhumba pamsasa ayi. Ndipo anyamata amene mumamwa, zakumwa zanu zisafike pamsasa. Chaka chatha wina analowa m'nyanja usiku ataledzera, tinamutulutsa ndi matochi. Sinditchula dzina, akudziwa yekha.

Bambo a Amina: Ndithokoze apongozi. Zaka 9 ndili m'banja lino, sindinadyepo padera. Amina amauza anzake kumadrasa kuti iye ali ndi Eid ziwiri ndi Khirisimasi imodzi.

Grace: Nkhuni bwanji? Tigule makala?

Anaphiri Aang'ono: Ayi, mango awiri ouma aja akwana ndi kutsala. Ndinawafunsa amayi ngati tingadule, anati mtengo wouma suthandiza munthu uli chiimire, bambo anu akanadula okha. Mbaula za chitetezo ndili nazo ziwiri, ndibwereka zina ziwiri, sizidya nkhuni zambiri. Mafuwa akhale a mphika waukulu wa nsima wokha.

Chikondi ku Joni: Chisomo, ukamadula undisungireko kachidutswa ka thunthu, kokwana m'chikwama.

Chisomo: Ndisunga achemwali. Pali mmisiri pa Benga amene angaseme mthiko kapena kampando.

Lachitatu, 12 Novembala

Malume Aphiri: Dzulo ndinali kumudzi. Ndakaonekera kwa a nyakwawa ndi nkhuku ndi shuga, ndawauza kuti msasa ukusamukira kumtunda. Alibe vuto, malowo ndi a mbumba yathu ndipo malire akuwadziwa, kuyambira pachulu mpaka pamlambe. Apempha chinthu chimodzi, kuti zoimbira zizizimitsidwa ikakwana 10 koloko usiku chifukwa pa mango paja tayandikira nyumba za anthu. Ndapemphanso chilolezo cholowa kumanda pa 24 m'mawa kukalambula pa bambo, atipatsa munthu wotitsogolera. Ana aang'ono sadzapita, monga mwa mwambo.

Ndinakhalanso ndi amayi nthawi yaitali. Nkhani yosamukayi anaimva bwino, anayamba okha kundikumbutsa za 1980. Koma anena chinthu chimodzi chomwe ndikufuna nonse mumve. Akuti pa 25 m'mawa, dzuwa lisanatuluke, akufuna akafike pamkuyu. Akuti ndi pomwe bambo anawasiya atakhala tsiku lomaliza limene anapita pamadzi ali ndi mphamvu, ndipo chaka chilichonse amakhalapo kaye asanapite kutchalitchi. Ndinawauza kuti njira yake ndi yoipa. Anandiyang'ana n'kunena kuti zidzukulu zonsezi zalephera kunyamula nkhalamba imodzi?

Chikondi ku Joni: Ndikulira kuno. Malume, tiwanyamula.

Tamanda: Tiwanyamule, koma pampando wokhala ndi zogwirira, anthu anayi, osati panjinga. Chiuno chawo sichili bwino, akagwa n'zovuta.

Chisomo: Ndilambula njira yotakata kuchoka pa mango mpaka pamkuyu, ndichotsa zitsa zonse. Kumtunda kwa mkuyu kuli kachitunda kouma, ndipasalaza poti mpando ukhazikike. Madzi ali patali mapazi 15 kuchokera pamenepo.

Bambo a Amina: M'bandakucha ndi nthawi yomwe mvuu imabwerera kumadzi kuchokera kumadimba, ndipo siifuna kupeza munthu panjira yake. Tisatsike kukadali mdima. Ine ndi anzanga awiri tidzatsogola kukaona mapazi, tikaimba likhweru ndiye mutsike. Dzuwa lidzakhala likungosuzumira kutsidya, agogo sadzaphonya kanthu.

Anaphiri Aakulu: Ndipo kukakhala mabingu tisapite. Pansi pa mtengo waukulu m'mbali mwa madzi si malo okhala kukung'anima.

Malume Aphiri: Zoona. Zikatero tidzapita pa 26. Ndiwauza ndekha.

Yamikani: Malume, ana a m'tauni tingawapititse kuti pa 26 masana? Ndimaganiza za ku Bua, m'nkhalango ya Nkhotakota, kukaona njovu.

Malume Aphiri: N'kotheka, koma ufunse kaye za misewu ya m'nkhalangomo nyengo ya mvula, komanso pali ndalama yolowera. Njovu zilimo zambiri tsopano, paja a African Parks atatenga nkhalangoyi mu 2015 anabweretsa zina pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Koma tchire likabiriwira kuziona n'kwamwayi. Ine ndikanakonda ndiwatenge pa boma, akaone mtengo umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo, kenako ku Mawira akagwire madzi otentha otuluka pansi. Ndinaphunzitsa zimenezi zaka 30, zidzukulu zanga zomwe sindinazionetsepo.

Grace: Apongozi, atengeni. Koma galimoto imodzi itsale, ife amayi tikhala tikutsuka ndi kutolera zinyalala, kuti pa 27 pasadzatsale kanthu.

Yamikani: Ayi, kutolera ndi kwa tonse, tidzapanga m'mawa tisanapite kulikonse. Dzenje la zinyalala tikumbe pa 22 pomwepo. Mabotolo ndi mapulasitiki tibwerera nazo m'matumba. Ndipo ine ndi anyamata anga titsala mpaka pa 29, tikawokere nawo mpunga ngati mvula idzakhale itagwa yokwanira.

Anaphiri Aang'ono: Ubwere ndi zovala zoti zide, mwana wanga. Kudambo kulinso misundu.

Loweruka, 15 Novembala

Tamanda: Nyumba 7 mwa 8 zatumiza. Yotsalayo yandiimbira, ili ndi vuto la sukulu fizi, ipereka theka pano theka kumapeto kwa mwezi, ndipo ndavomera. Achemwali a ku Joni atumizanso za aganyu padera. Ndapereka kwa amayi aang'ono ya chigayo, ya migolo iwiri, linya ndi misomali. Zotsala ndikusunga, malisiti ndidzabweretsa.

Anaphiri Aakulu: Obwera pagalimoto, mafuta mugule msanga musadikire sabata ya Khirisimasi. Ndipo musayende usiku pa M5, milatho ina ndi yopapatiza, njinga ndi ng'ombe zili mumsewu momwemo.

Chisomo: Mukapatuka patala, njira ya kudambo ija isiyeni, mvula ikangogwa kawiri galimoto yaing'ono siidutsa. Dzerani ya kusukulu, ndi yotalika koma ndi yamchenga. Za kutchaja mafoni, sola yathu imakwanitsa mafoni anayi patsiku ndi mababu awiri. Amene ali ndi power bank abwere nayo yodzaza.

Lamulungu, 23 Novembala

Chisomo: Kwa amene simunabwere dzulo. Tinalipo anthu 16. Chisakasa cha amayi chatha, chofolera ndi makoma omwe. Cha abambo nsichi ndi mapaso zaima, chatsala kufolera, udzu unatithera. Maenje awiri a zimbudzi akumbidwa ndipo migolo yalowa, lachitatu la zinyalala. Njira ya kwa agogo yafika pamkuyu. Tinapha mphiri imodzi pansi pa thunthu la mango, ndiye ana asamadzasewere pamulu wa nkhuni.

Grace: Manja anga ali ndi matuza, koma mpanda wa bafa ndamanga ndi apongozi aang'ono mpaka kumaliza. Andiphunzitsa kuluka bango ndi luzi.

Anaphiri Aang'ono: Anagwira ntchito ana awa, achemwali mukanaona. Aganyu a Chikondi amaliza kugalauza nazale ndi theka la munda wa chimanga. Amayi anakhala pakhonde tsiku lonse kuwerenga anthu odutsa ndi mitengo, nsima anadya yonse.

Chikondi ku Joni: Chisomo, tanditumizira chithunzi uli pakhomo pa chisakasa kuyang'ana kunyanja, ndiwaonetse ana.

Chisomo: Ndatumiza achemwali. Chakuda chomwe chikuoneka ngati utsi pamwamba pa madzicho si moto, ndi nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja. Muwauze kuti zikadzatera kumtunda tidzawagwirira ndi lichero, alawe.

Lachiwiri, 25 Novembala

Anaphiri Aang'ono: Kuno yagwa usiku wonse, yamphamvu, ndi mphepo ya mpoto. Chisomo wapita kukaona kumsasa.

Chisomo: Ndabwerako. Chisakasa chaima bwinobwino, ngalande zagwira ntchito, mkati ndi mouma kupatula ngodya ya kumpoto komwe lona wakwezeka. Pakufunika linya wina ndi miyala. Zimbudzi sizinagumuke. Pamkuyu mafunde anafika mpaka pamene panali chisakasa chakale, asiya zinyalala ndi bango lothyoka, koma kachitunda ka agogo sikananyowe ndi madzi a m'nyanja. Malume, mitolo 10 ya udzu ija mwaipeza? Ndikufuna ndifolere cha abambo lisanafike Loweruka, chifukwa kuyambira mawa m'mawa ndikhala ndikubzala.

Malume Aphiri: Ndapeza 8 kwa mnzanga wa ku Lozi, ifika Lachinayi pa ngolo. Iwe bzala, usasiye munda. Ndibwera ndi anyamata awiri a kutchalitchi tidzafolere ife.